Jekete ya Majakisoni Atatu

Pamsika wa Mitundu dzina langa laubatizo amalidziwa ndi anthu owerengeka. Ena onse amangoti a Tsitsaniko. Dzinali ndinalipata ndili mnyamata, chifukwa palibe chinthu chimene ndinagulapo pamtengo umene mwini wake watchula. Bokosi la maliro a azakhali anga ndinalinenerera mpaka kalipentala anandifunsa ngati achotseko chivundikiro. Anthu akamakamba zimenezi ndimaseka nawo, poti ndi zoona. Koma pali malonda amodzi amene ndinachita kutali ndi kuno, amene ndinkati ndapindula kuposa onse, ndipo amenewo sindiseka nawo.

Ndinanyamuka titangovotera nyali ya matipate, nthawi imene aliyense ankati zinthu zasintha. Zinasinthadi. Pakamwa panamasuka, mitengo ya zinthu nayo inamasuka. Belo la kaunjika, lomwe linali munda wanga, linkakwera ngati lamera mapiko, pamene ogula ankangogwiragwira malaya n'kuwabwezera pamulu. Nkhondo ya anzathu a ku Mozambique inali itatha, malole ankadutsa pa Tete, ndipo pasipoti inali itayamba kupezeka ngakhale kwa ife osavala tayi. Ndinagulitsa njinga, ndinatsanzika mayi akunyumba ndi ana awiri, n'kutsata msewu wafumbi wodutsa m'maesiteti a fodya mpaka pa Nathenje, pomwe dalaivala wina ankanyamulira anthu opita ku Joni.

Pamenepo ndi pomwe ndinakumana ndi Sitefano Mbewe. Anali wamtali, wosayankhulayankhula, atakhalira kachikwama kake pansi pa mtengo, galu wakuda atagona pamapazi pake. Ndinamufunsa ngati galuyo nayenso anali ndi pasipoti.

"Wangondiperekeza," anatero. "Akunyumba achira dzana, akadali m'chikuta. Ndiye wondiperekeza ndi yemweyu."

Lole itafika anawerama, n'kumuuza galuyo ngati akuuza munthu: "Bwerera, Bulaki. Ukasunge pakhomo." Galu anadzuka, anamuyang'ana kamodzi, n'kuwoloka msewu osacheukanso. Ine agalu ndinkayankhula nawo ndi mwala basi. Ndinati mumtima, uyu ndiyenda naye, anthu otere sabera mnzawo.

Za ulendo sindikamba zambiri: fumbi, ludzu, ndi asilikali a pazipata amene ankatchula mitengo yawo ngati akugulitsa mbuzi. Apo ndiye ndinathandiza gulu lonse, chifukwa ngakhale munthu wa mfuti ndinkamuuza kuti tsitsaniko. Mu Joni mwenimweni ntchito sitinaipeze. Masiku amene anatidindira pa pasipoti anatha tikugona pakhonde la munthu wina wa ku Dedza, ndipo kuyambira pamenepo wapolisi aliyense anali mkango. Wa ku Dedza yemweyo ndiye anatilozera ku tauni ina yaing'ono ya m'minda ya nzimbe, kuseri kwa Durban, komwe kampani ina inkagwira agalu osokera ndi kutola nyama zofera m'misewu. Eni dziko ntchitoyo ankaikana. Ife pasipoti sanatifunse.

Tinkagona kuseri kwa makola a agalu, anthu anayi chipinda chimodzi. Fungo lake linkalowa m'bulangete, mu ufa, ngakhale m'kalata. Mayi akunyumba anandilembera kuti zimene mwatumiza zafika, koma envulopu yanu ikununkha. Miyezi yoyamba ntchito yathu inali kutsuka makola ndi kukwirira agalu akufa. Lamulungu tinkaphika mitu ndi miyendo ya nkhuku, n'kumapotokola wailesi ya Sitefano kufunafuna mawu a kumudzi, koma inkangotipatsa mphepo. Ine Chizulu ndinachitola msanga, Chingerezi chakunenerera ndinali nacho kale, poti munthu wa malonda sachedwa kudziwa chilankhulo cha mwini katundu. Sitefano zonse ziwiri zinamukanika. Ankayankhula Chichewa ndi agalu, ndipo agalu a kumeneko ankamumva. Kwa anthu, ine ndinakhala pakamwa pake ndi makutu ake. Kapitawo akayankhula, iye ankayang'ana ine.

Galu wa mayi wina wachizungu atasokera anakhala m'makola mwathu sabata yathunthu akukana kudya. Sitefano ankamudyetsa m'manja. Mayiyo pomutenga analira, ndipo mawa lake anabwera ndi jekete yachikopa ya malemu amuna awo, yofiirira, ya ubweya m'khosi. Sitefano anaivala Lamulungu, dzuwa likuswa mtengo, n'kukajambulitsa m'tauni, dzanja limodzi lili m'thumba. Chithunzi anatumiza kwa mkazi wake, Nabanda. Ine jekete ija ndinaiyang'ana ndi diso la kaunjika. Ukhoza kutsegula mabelo khumi osapeza yotere.

Kenako kapitawo anati awirife tikwere galimoto, tizikagwira agalu kumidzi. Malipiro ake anali abwinoko. Koma dera limenelo chiwewe chinali ponseponse, ndiye kampani inali ndi lamulo: wogwira agalu aliyense ayambe wabayitsa katemera, majakisoni atatu mwezi umodzi, yolipira ndi kampani. Anatipatsa aliyense khadi lachikasu lolembedwa dzina. Ukabayitsa, sisitala wa ku kiliniki ya m'tauni adinde. Khadi losadzaza, galimoto sukwera. Wochita chinyengo, chipata chili apo.

Aka kanali koyamba kuti munthu andipatse chinthu chaulere, moti ndinasowa ponenerera. Koma Sitefano anakhala pabedi, khadi lili m'manja.

"Achimwene, ine singano ya azungu ayi."

"Iwe, munthu wodyetsa galu m'manja ukuopa kasingano?"

"Si kuwawa ayi. Akulu anga anali kumgodi. Tsiku lina anawaika pamzere, akuti tikuoneni thanzi. Anawabaya, n'kutenga magazi. Posakhalitsa a kwathu onse anawabweza, akuti magazi anu ndi oipa. Akuluwo anafika kumudzi ndi sutikesi yokha, anthu akuwaloza chala. Ine ndangoyamba kumene kugula malata."

"Uyu ndi katemera, Sitefano. Akuthiramo, sakuchotsamo."

"Inu mumaona chimene singano ikuchita m'katimo?"

Nkhani ya amigodi tonse tinkaidziwa, ndiye mantha ake sanali opusa. Munthu wabwino akanakhala naye pansi, kapena akanapita naye ku kiliniki kuti akaone yekha mnzake akubayidwa n'kutuluka ndi magazi ake onse. Ine ndinaona msika.

"Makhadiwa alibe chithunzi," ndinatero. "Lachiwiri kumakhala sisitala wachizungu, Lachinayi wachimwenye. Kwa iwo tonsefe ndi nkhope imodzi. Ndipo ine mikono ndili nayo iwiri."

"Mungatero, achimwene?"

"Ndingatero. Koma mkono wa munthu si waulere."

Anatchula wailesi. Ndinati wailesi yosagwira za kumudzi ndi bokosi chabe. Anatchula nsapato. Ndinati phazi lako ndi bwato, ine ndimiramo. Ndinamuzungulitsa choncho mpaka anatchula yekha chimene ndinkafuna, poti luso lake ndi limenelo: katundu amutchule mwini wake. Anaichotsa pamsomali, anasisita ubweya wa m'khosi kamodzi, n'kundipatsa. Ine wopanda manyazi ndinati, "Nanga banyira?" Anaseka, n'kuvomera kundichapira ovololo mwezi wonse.

Choncho Lachiwiri ndinali ine, mkono wamanzere. Lachinayi ndinali Sitefano Mbewe, mkono wamanja. Sisitala akaitana dzina ndinkayankha msangamsanga kuposa mwini wake. Omaliza atandibaya thupi linatentha masiku awiri, mikono yonse italemera ngati minsi. Sitefano ankandiphikira phala n'kumati, "Pepani achimwene, mukudwala matenda anga." Anzathu a m'chipinda ankandinena kuti tsopano galu akandiluma afa ndi galuyo. Tinaseka mpaka misozi. Makhadi onse awiri anadzaza, zidindo zitatuzitatu, tonse tinakwera galimoto.

Chaka chimenecho chinali chabwino, ndisaname. Ine ndinkayankhula ndi eni midzi, iye ankagwira. Zida zathu zinali ndodo yaitali ya chingwe chokolera kunsonga, ndi magolovesi achikopa ofika m'zigongono. Sitefano ndodo ankaigwira mwa apo ndi apo. Ankangonyonyomala n'kuyamba kunyengerera: "Bwera kuno mphwanga, wadya koma?" Malata ake anakwana, anawatumiza pa lole. Mwana uja anamusiya m'chikuta anamva kuti wayamba kuyenda, ndipo tsiku limenelo anagulira chipinda chonse nkhuku yathunthu, ya thupi lomwe.

Galu amene anamuluma sanali wolusa. Anthu amaganiza kuti galu wachiwewe amabwera akuthamanga, thovu lili kukamwa. Uyu anali atagona pansi pa galimoto yakufa kuseri kwa nyumba ina, nthiti zili pamtunda, maso ali gwa. Eni ake anati wasiya kudya ndipo dzulo waluma mbuzi. Chingwe cha ndodo chinakola pachitsulo. Sitefano anagwada kuti achimasule, golovesi inkamulepheretsa, ndiye anaivula. Ndinamumva akuti, "Usaope, mphwanga." Galu anatuluka ngati muvi. Anamugwira dzanja, ndipo pamene ankagwa chagada anamung'ambanso pachibwano.

Kapitawo anatithamangitsira ku kiliniki, makhadi ali m'manja. Linali Lachinayi. Sisitala wachimwenye uja anatsuka mabala ndi sopo nthawi yaitali, madzi akungoyenderera. Ine ndinaima pakona chipewa nditachitsitsa, kuopa kuti andikumbukira. Sanandikumbukire. Anatenga khadi la Sitefano, anawerenga zidindo ndi chala, mtima wake n'kukhala pansi.

"Muuze kuti ali ndi mwayi," anandiuza m'Chingerezi. "Atatu onse anabayitsa, ndiye thupi lake likuwadziwa kale matendawa. Ndimubaya mmodzi lero, wina pakapita masiku atatu, basi. Akanakhala wosabayitsa ndikanamutumiza pompano ku chipatala chachikulu, akamubaye mankhwala ena pabala penipenipo, ndi majakisoni enanso pambuyo pake. Bala la kumaso silidikira." Kenako anandiyang'ana. "Khadili ndi lake, eti? Atatu onse analandiradi?"

Kapitawo anali ataima pakhomo, akuzunguza makiyi a galimoto pachala.

M'chipinda chimenecho ndakhala ndikubwereramo zaka zonsezi. Mawu ofunika anali ochepa, ndipo Chingerezi chake ndinali nacho. Koma mutu wanga unayamba kuyenda ngati pamsika. Ndikanena, ntchito yatha, tonse awiri. Ntchito ikatha, chipinda chatha. Ku chipatala chachikulu akafunsa mapepala, ndipo mapepala athu anafa kalekale. Komanso galuyo mwina ndi njala chabe. Komanso awiri akumubayawa si madzi. Wokupatsa theka wakupatsa ndithu.

"Ndi lake, sisitala," ndinatero. "Atatu onse."

Sitefano, thonje lili pachibwano, anandikoka malaya. "Akuti chiyani, achimwene?"

"Akuti uli ndi mwayi."

"Basi?"

"Basi. Akubaya kawiri, uchira."

Tsiku limenelo singano sanaikane. Anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kupereka mkono wamanja.

Mutu wa galu anautumiza kokaupima, ndipo yankho linabwera sabata isanathe: chiwewe. Kapitawo anamumenya Sitefano paphewa mwansangala, akuti uthokoze kampani, khadi lakupulumutsa. Ine ndinamasulira. Apo ndinali ndi mpata wachiwiri, ndipo ndinangouyang'ana ukudutsa ngati basi yodzaza. Mabala anali akupola. Munthu ankadya, ankaseka. Ndinadziuza kuti ndanenerera ndi imfa ndipo yatsitsa.

Panapita milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Anayamba ndi kudandaula kuti chipsera cha pachibwano chikuyabwa, ngati m'kati muli nyerere. Kenako mutu, kenako kusakhazikika. M'mawa wina ndinamupatsa kapu ya madzi. Anailandira, anaifikitsa pakamwa, khosi lake n'kukokeka ngati tamukola ndi chingwe chathu chija. Kapu inagwa.

"Achimwene, ludzu ndili nalo," anatero. "Koma madziwa akundiopsa. Ine wokulira mumtsinje wa Nathenje, ndiope madzi a m'kapu?"

Ku chipatala chachikulu tinapitako tsopano, ndipo mapepala aja ndinkaopa sanatifunse n'komwe. Dokotala anayang'ana khadi, anayang'ana wodwala, n'kupukusa mutu, akuti ziwirizi sizikugwirizana. Pamenepo ndiye ndinanena zonse, pakhonde, m'Chingerezi chabwino kuposa chilichonse chimene ndinayankhulapo. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanandikalipire. Anandibwezera khadi lija m'manja n'kunena kuti mawu amenewa tsiku lija anali mankhwala, lero ndi mawu chabe. Matendawa akafika poopa madzi, palibe amene amabwerako.

Anakhala masiku anayi, manja atamangidwa pabedi. Nthawi zina nzeru zinkabwerera ndipo ankandidziwa. Ulendo womaliza anandifunsa ngati malata anafika onse. Ndinati anafika.

"Mwandithandiza, achimwene," anatero. "Pakanapanda inu galimoto ija sindikanakwera."

Zimene sisitala ananena tsiku lija sindinamuuze. Anapita akundiyesa mnzake.

Tinamuika kumanda a boma, ife a m'chipinda ndi kapitawo. Pobwerera kapitawo anandiuza kuti ndimange katundu wanga, poti nkhani inali itafika ku ofesi. Ntchito imene ndinaiteteza ndi moyo wa munthu inandikhalira miyezi iwiri yokha. Ndinamva kuti kuchokera pamenepo makhadi a kampani ija anayamba kumatapo chithunzi.

Kumudzi kwawo ndinalemba kalata, n'kusaina dzina langa ndi kwathu ku Mitundu. Ndinati mwana wanu anadwala mwadzidzidzi, mutu unasokonezeka, masiku anayi n'kutisiya, madokotala analephera. Za galu sindinalembe, poti galu akanakoka khadi, khadi likanakoka jekete. Katundu wake ndinatumiza yense pa lole, kupatula chimodzi chimene ndinkati ndi changa.

Ndinakhalako zaka zina zingapo, ndikugulitsa zipewa ndi malamba m'misewu ya Durban, diso limodzi kwa wogula, lina kwa apolisi. Masiku a njala analipo ambiri, koma jekete sindinaigulitse, ine amene ndingagulitse ngakhale mthunzi wa mtengo. Anthu ankaitchulira mitengo yabwino. Sindidziwa ngati kunali kuikonda kapena kuiopa.

Nditabwerera ndinapeza Mitundu itakula, maminibasi akulimbirana anthu. Mayi akunyumba anali atatsegula kanyumba kogulitsiramo tiyi ndipo sankafunsanso munthu chochita. Anandilandira bwino, monga mlendo amene sukudziwa kuti akhala masiku angati. Ana ankandipatsa moni atagwada patali. Ndinayambiranso kaunjika wanga, ndipo anthu anati a Tsitsaniko sanasinthe, angoonjezera jekete.

Pa Nathenje ndinkapazemba. Koma tsiku lina m'nyengo yozizira, pochokera ku Dedza, minibasi inatitsitsa pomwepo, akuti yatha ulendo. Ndinali nditavala jekete. M'mbali mwa msewu munali amayi ogulitsa tomato, ndipo ndinasankha wina wowonda amene anakhala payekha kumapeto, poti wokhala payekha sachedwa kutsitsa.

"Mulu bwanji, mayi?"

Anatchula.

"Aa, tomato wake wofotayu? Tsitsaniko."

Anatsitsa.

"Nanga banyira?"

Anatola tomato mmodzi, koma dzanja linaima m'malere. Sankayang'ana nkhope yanga. Ankayang'ana ubweya wa m'khosi.

"Bambo, jeketeyi munaigula kuti?"

"Ku Joni, mayi. Yotere kuno simungaipeze."

"Ndikuidziwa. Thumba lakumanzere lili ndi zipi, lakumanja lilibe. Ili pachithunzi m'nyumba mwanga." Anaika tomato pansi. "Ndinu a ku Mitundu aja, olemba kalata. Ine ndine Nabanda."

Ndinakhala pansi pafumbi, pakati pa madengu.

Anandifotokozera mosakweza mawu, uku akuingitsa ntchentche. Iye anali pachitengwa, ankakhala kwawo kwa mwamuna. Kalata yanga itawerengedwa abale anafunsana: munthu wamphamvu, wosamwa mowa, angopenga masiku anayi n'kufa, madokotala achizungu osaona kanthu? Kwathu kuno mukudziwa zimene timanena: mwamuna akakhala pa ulendo woopsa, moyo wake amausunga ndi mkazi kumudzi, ndipo mkazi akayenda ndi wina, mwamuna amagwa komwe aliko. Malume ake a Sitefano, a Gidiyoni, anapita kokaombeza, ndipo woombeza anangomaliza pomwe kalata yanga inasiyira. Nabanda anamutulutsa m'nyumba ya malata ija mwana ali kumsana. Kwawo anamulandira, koma mbiri inamutsatira. Kuchitsime ankatunga womaliza. Pamsewu pano amayi anzake sankafuna kukhala naye pafupi.

"Ine sindinayende ndi munthu, alamu," anatero. "Koma poti sindinkadziwa chinawapha, masiku ena ndinkadzifunsa ngati ndinalakwitsa penapake osadziwa. Ndiye ndiuzeni. Anafa ndi chiyani?"

Ndinayamba ndi galu. Ndinaona nkhope yake ikumasuka, ndipo wamalonda wa m'kati mwanga anandinong'oneza kuti apa pakwana, galu yekha wamutsuka mayiyu, zinazo sunga. Ndikanaimira pomwepo akanandithokoza, mwinanso akanandionjezera tomato. Koma maso ake anabwerera pa jekete.

"Nanga iyi inakhala bwanji yanu? Iwo analemba kuti adzabwera ataivala."

Ndinamuuza. Khadi, mkono wamanja, funso la sisitala, ndi mawu anayi aja ndinamasulira: akuti uli ndi mwayi.

Sanalire. Anavundikira tomato wake ndi chitenje, n'kuimirira.

"Zimenezi mukazinene kumene anandinenera ine. Tiyeni."

Tinayenda wapansi, iye patsogolo ine pambuyo. A Gidiyoni tinawapeza m'chigafa akusankha fodya. M'nyumba ya malata ija munkakhala mwana wa a Gidiyoniwo. Anaitana abale, anthu anakhala pansi, ndipo ine ndinaima pakati ngati tsiku la msika, koma ulendo uno osachotsako kanthu. Khadi lachikasu ndinalitulutsa m'thumba la zipi, momwe linakhala zaka zonsezo. Linayenda m'manja mwa anthu mpaka linabwerera kwa ine.

A Gidiyoni anamvetsera tsamba la fodya lili m'manja. "Tamva, bambo," anatero. "Galu tamumva, khadi taliona. Koma agalu alipo ambiri, anthu aliponso ambiri. Chinachititsa kuti galu ameneyo asankhe mwana wathu n'chiyani?"

"Galu sasankha, akuluakulu," ndinatero. "Amaluma amene wayandikira. N'chifukwa chake kampani inapereka mankhwala, aulere, dzina lake litalembedwa. Amene analandira ndine. Atalumidwa njira inalipobe, amene anaitseka ndine. Ngati mukufuna munthu amene anamusempha Sitefano, musakamufune kuchitsime. Ndi uyu wavala jeketeyu."

Ndinkayembekezera mbama, kapena chindapusa. Chindapusa ndikanachikonda, poti chili ndi mtengo, ukapereka mwathana. Palibe anachitchula. Mayi ake a Sitefano anadzuka pamphasa yawo, anadutsa pomwe ndinaima osandiyang'ana, n'kukakhala pambali pa Nabanda, mwendo kukhudza mwendo. A Gidiyoni anabwerera ku fodya wawo. Nyumba sanabweze tsiku limenelo, ndipo sindinama kuti anabweza pambuyo pake. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukadutsa pa Nathenje lero, Nabanda sakhalanso kumapeto.

Pobwerera, titafika pamphambano, ndinavula jekete n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Alamu, iyi ndi ya mwana."

Anaiyang'ana, anasisita ubweya wa m'khosi kamodzi monga anachitira mwini wake, n'kubweza dzanja.

"Ayi, alamu. Valani. Munagula."

"Chonde, tengani."

"Malonda akatha sabweza. Inu a malonda mukudziwa bwino zimenezo." Anatembenuka, n'kumapita ku tomato wake.

Ndiye ndikadali nayo. Ili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo kukazizira ndimafunda chitenje cha mayi akunyumba, ana n'kumandiseka.

Chaka chatha galu wa anansi anandiluma pamwendo. Kuchipatala nesi anandifunsa ngati ndinabayitsapo katemera wa chiwewe. Ndinati eya, ku Joni, kuntchito. Anati kangati? Ndinati kasanu n'kamodzi.

"A Tsitsaniko inu," anatero, "mpaka katemera yemwe munapempha banyira?"

Anthu onse pabenchi anaseka. Ine ndinavula malaya. Nesi atagwira mkono wamanja ndinaubweza, n'kumupatsa wamanzere.

"Bayani uwu," ndinatero. "Uwo uli ndi mwini wake."